Kodiyoni ya a Muhiwa

Ndisanayambe nditchuliretu mboni zanga, chifukwa kuno kumalaini anthu ali ndi matenda onena kuti ine Piyasoni ndimakometsera nkhani. Mboni yoyamba ndi a Bwanali, telala wa pa Chinakanaka, Msilamu woopa Mulungu amene sananamepo chibadwire, kupatula pa za tsiku limene buluku lanu lithe kusokedwa. Mboni yachiwiri ndi amake Layisoni, amene dzina lawo la ubatizo ndi Esinati ngakhale palibe amalitchula. Yachitatu akanakhala eni nkhaniwo, a Muhiwa, koma tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ndiponso ngakhale ali moyo sanali munthu woti n'kumudalira pa umboni. Iwe ukamanena zoona zokhazokha, iwo ankangoyang'ana kudenga ngati akuwerenga mabowo a malata.

Kwa amene simunakhaleko kumalaini a pa esiteti ya tiyi, ndikuuzeni mmene nyumba zathu zilili. Ndi nyumba zitatu pansi pa denga limodzi, ndipo makoma apakati safika kudenga. Amene anamanga anatopa atatsala pang'ono. Kumapeto kuno kuli ine, pakati panali a Muhiwa, kumapeto uko amake Layisoni. Munthu akayetsemula m'nyumba yoyamba, wopukuta mphuno amakhala wa m'nyumba yachitatu. Mkazi wanga akandikalipira, nthawi zina a Muhiwa ndiwo ankayankha kuti pepani amayi, sindidzachitanso. Izi ndi zoona, ndipo mkazi wanga angakuuzeni, kungoti sindinamuike pa mboni chifukwa amakonda kupitirira ndi nkhani zina zosafunika.

M'nyumba yapakatiyo, kwa zaka zoposa makumi awiri, munthu ankaimba kodiyoni tsiku ndi tsiku, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa ife amene anamvapo kulira kwake.

A Muhiwa anali wamfupi, wa mapewa otambalala, makolo awo anachokera kutsidya kwa malire. Moni wa m'mawa ankapereka m'Chilomwe, ena onse m'Chichewa, ndipo akakwiya ankangokhala chete m'zilankhulo zonse ziwiri. Unyamata wawo wonse anadula tiyi, ntchito ija yodulira mitengo kuti iphukenso bwino. Msana utakana, anawapatsa ntchito yonola mipeni ya anzawo. Zopuma pa ntchito sizinawafike. Ine ndikuganiza kuti kampani inangowaiwala, monga mmene munthu amaiwalira mwala umene wakhala pakhomo pake kuyambira kale. Akazi awo anamwalira kalekale osasiya mwana, ndipo sanakwatirenso. Mipeni yawo inali yakuthwa moti tsiku lina mpeni wina unadula chithunzithunzi cha kapitao, munthuyo n'kuyenda sabata yonse wopanda mthunzi. Apa a Bwanali amati sanaonepo, koma sakutsutsa.

Akaweruka, dzuwa litapendeka, ankasamba, n'kuvala jekete yakuda ya kuukwati, n'kupesa tsitsi limene analibe. Kenako ankatsitsa kodiyoni pa msomali. Inali yofiira, ya mabatani mbali zonse ziwiri, ndipo malume awo ndiwo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ankakhala pa kampando, msana atatsamira khoma la kwa amake Layisoni. Ankati khoma la kwa ine ndi laphokoso, limasokoneza nyimbo. Pansi pa phazi lamanja ankayalapo thumba lopinda kuti chidendene chikamagunda chisamveke. Ndiye ankatseka maso n'kuyamba.

Ine nditangosamukira kumene kumalaini sindinkadziwa zimenezi. Tsiku lachiwiri madzulo ndinamva kuseri kwa khoma munthu akupuma movutika. Fuuu, haaa. Fuuu, haaa. Pakati pake timaphokoso ngati mano akugundana. Ndinauza mkazi wanga kuti madala apakatiwa akutsirizika. Mkazi wanga sachedwa pa zinthu zotere: anatuluka ali manja kumutu, ndipo pofika pa mpopi anali atasonkhanitsa amayi okwanira kwaya. Wina anathamangira kukaitana mkulu wa mpingo. Wina anayamba kale kufunsa kuti nkhuni tikatola kuti. Ine monga mwamuna ndinakankha chitseko ndi phewa, chitseko chimene sichinali chokhoma, ndipo ndinakagwera pa mapazi a munthu wovala jekete, thukuta lili kamukamu, zala zikuthamanga pa mabatani ngati nyerere zaona shuga.

Anatsegula diso limodzi.

"Ndinu a nyumba yatsopanoyi?"

"Eya, madala. Timayesa mukumwalira."

"Ndikamadzamwalira ndidzakuuzani. Pano mwandidula pakati pa nyimbo, ndipo ndinali ndisanaphonye ngakhale pamodzi."

Amayi aja anabwerera ndi misozi yawo osaigwiritsa ntchito. Mmodzi yekha ndiye sanatuluke n'komwe m'nyumba mwake tsiku limenelo: amake Layisoni. Ndinazindikira pambuyo pake kuti iwo ankadziwa bwino kusiyana kwa kupuma kwa munthu ndi kupuma kwa kodiyoni.

Chimene chinkachitika n'chakuti kodiyoniyo inalibe mawu. M'kati mwa kodiyoni mumakhala timatabwa tokhala ndi timalilime tachitsulo, ndipo mphepo ya mu mvukuto ikadutsa pamenepo ndiye nyimbo imatuluka. A Muhiwa anatsegula, n'kuchotsa timatabwa tonse, n'kutikulunga m'kansalu, n'kutiika m'chitini cha mkaka wa ufa, chitinicho n'kuchisomeka kudenga pakati pa mtanda ndi lata. Chotsala chinali mpweya ndi kugogoda kwa mabatani basi. Koma iwo ankamva zonse. Ukawayang'ana unkaona nkhope ikukwera ndi kutsika. Akaphonya ankatsonya, n'kubwerera pambuyo, n'kuyambiranso. Nthawi zina m'mawa tikakumana pa mpopi ankandifunsa ndi nkhope yeniyeni ya munthu wamanyazi:

"A Piyasoni, dzulo munamva mmene ndinawonongera nyimbo yachiwiri ija?"

"Ndinamva, madala. Ndinachita kusowa tulo."

"Musauze anthu."

Ankakonda kunena kuti mutu umasunga nyimbo mpaka kumanda koma zala ndi zaulesi, ukazipatsa tchuthi cha sabata imodzi zimabwerako zitaiwala ndi dzina lako lomwe. Ankatinso tsiku lodzaloledwa kuliza silidzachita kulengezedwa pa wailesi, lidzangofika, ndipo sankafuna kuti lidzawapeze ali ndi zala za munthu wonola mipeni.

Za kuloledwazo anandifotokozera ndi a Bwanali, chifukwa a Muhiwa sanazitchulepo ndi pakamwa pawo.

Kale, ine ndisanabwere, kunalibe ukwati kuyambira kumalaini kuno mpaka ku Thuchila umene unkatha popanda a Muhiwa. Ndipo sankayenda okha. Ankayenda ndi Layisoni, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi a kuseri kwa khoma, mnyamata wothyola tiyi, wamtali, woti anali atayamba kale kuyang'ana mbeta. Iye ankaimba babatoni, chija cha chingwe chimodzi chomangirira pa ching'oma chachikulu choti woimba amachita kuchikhalira. A Bwanali amati awiriwa akayamba, ngakhale apongozi ankaiwala kuti amayenera kuthawana.

Tsiku lina nthawi ya dzinja anaitanidwa ku ukwati kutsidya kwa mtsinje wa Thuchila. Amake Layisoni anakana. Anati phiri lavala mitambo kuyambira dzana, mwana asapite. A Muhiwa anazungulira okha kukagwada pakhonde, n'kunena kuti amayi, ndibwerekeni, ndipita naye ine ndipo ndibwera naye ine. Mayiwo analola chifukwa munthu wamkulu akagwada umasowa pothawira.

Ukwati unayenda bwino. Pobwerera, dzuwa likuswa mtengo, anafika pa dooko madzi ali m'mawondo. A Bwanali anali nawo pa ulendowo, popeza ndiwo anasoka suti ya mkwati ndipo anapita kukaimalizira mabatani ali m'thupi mwa mwini wake. Iwo anali atawoloka kale. A Muhiwa analowa, kodiyoni ili pamutu. Layisoni anatsalira pang'ono kumanga bwino babatoni kumsana. Inu a kuno mukudziwa mmene mitsinje yochokera m'phiri imachitira: mvula imagwa kumwamba uko inu osaiona, madzi n'kubwera nthawi imodzi ngati khoma, atanyamula miyala ndi mitengo. A Muhiwa anali atatsala mapazi ochepa kufika kumtunda. Layisoni anali pakati, ching'oma chili kumsana.

Anamupeza patapita masiku, kumunsi kwenikweni. Kodiyoni sinanyowe ngakhale dontho.

Pamenepa ndilibe chokometsera. A Bwanali akafika apa amasiya kupalasa makina.

Tsiku lometa, malume ake a Layisoni, mwini mbumba, amene anachokera kutsidya kwa malire, anaimirira pamaso pa anthu onse. Sanakalipe. Sanafune mbuzi kapena nkhuku. Anangoloza nyumba yapakati n'kunena kuti: "Chinthu chimene chinawoloka mtsinje m'malo mwa mwana wathu chisadzalirenso pamene khutu la mlongo wanga likumva. Ndamanga ine, wodzamasula ndine." A Muhiwa anawomba m'manja, n'kuvomera. Malumewo anabwerera kwawo. Chaka chisanathe anadwala n'kumwalira komweko, ndipo uthenga unafika kuno maliro ataiwalika kale. Womanga anapita ndi mfundo yake m'manda.

Poyamba a Muhiwa anayesa kufunafuna malo amene khutu la mayiwo silingafike. Anayesa kulowa m'bulangete ndi kodiyoni yomwe, koma anakomoka ndi kutentha, ndipo nyimbo inatulukabe ndi kumapazi. Anayesa pakati pa munda wa tiyi, koma tiyi ndi wamfupi, sabisa kanthu. Ndiye Lamulungu lina ananyamuka m'mamawa kukwera phiri, njira ya ku thanthwe la Chambe, kodiyoni ili m'thumba. Anakwera mpaka nyumba za kumalaini zinaoneka ngati mabokosi a machesi. Anakhala pa mwala n'kuliza nyimbo imodzi ndi mtima wonse. Ocheka matabwa amene anali chapafupi anataya macheka n'kuthawa, poyesa kuti eni phiri ayamba madyerero. Koma phiri lathuli silisunga chinsinsi. Thanthwe lija la Chambe linalandira nyimboyo n'kuiponya kunsi yonse yathunthu. A Bwanali amalumbira kuti inawapeza pa Chinakanaka ali pa makina, moti buluku limene ankasoka linatuluka mwendo umodzi ukuvina. Madzulo a Muhiwa atatsika anapeza chitseko cha amake Layisoni chotseka, moto wosakoleza, ndipo amayi a pa mpopi anawayang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Tsiku lomwelo ndi limene anatsegula kodiyoni n'kuchotsa timalilime tija.

Ine ndi a Muhiwa tinakangana kambirimbiri, kawirikawiri pa zinthu zazing'ono: nkhuku yanga imene inkaikira mazira m'nyumba mwawo, ndi funso lakuti mazirawo ndi a mwini nkhuku kapena a mwini nyumba. Koma mkangano weniweni unali umodzi, ndipo tinkaubwereza chaka ndi chaka ngati matenda a chifuwa nthawi ya chiperoni. Adzukulu awo a ku Thuchila, ana a mlongo wawo, ankawaitana kuti akapume kumudzi. Anawamangira ndi kanyumba komwe.

"Madala, bwanji osangopita? Kumeneko mukaliza mpaka mbuzi zivine. Ndani akamve?"

"Sanandiuze kuti ndichoke, a Piyasoni. Anandiuza kuti isalire."

"Ndiye kumeneko ikalira kutali ndi khutu lawo. Mlandu watha."

"Kumeneko ndiye kuti ndathawa. Mayi aja azidzati munthu uja anatenga mwana wanga, kenako anatenga nyimbo zake n'kukasangalala nazo kwina."

"Nanga wokumasulani ndani, poti womanga anafa?"

"Zimenezo si za inu. Nkhuku yanu yaikiranso, ndipo ndadya."

Ndinawauzapo kuti ingopitani mukapemphe kwa mayiwo. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pamsika. Anati anapitapo kamodzi kukapempha pakhonde limenelo, ndipo zimene anapemphazo anapatsidwa. Sangapitenso.

Chodabwitsa n'chakuti anthu awiriwa sanali pa udani woonekera. Sankalankhulana, inde, kupatula moni wa m'mawa woponyera kumbali. Koma denga la amake Layisoni likadontha, m'mawa mwake linkapezeka lomata. Mpeni wawo wa kukhitchini ukabuntha ankangousiya pa mwala wa panja, madzulo n'kuupeza ukumeta ndevu. Ndipo chaka china, nyengo ya kalongonda itafika, pakhonde la a Muhiwa panapezeka mbale yovundikira. Amene mumadya kalongonda mukudziwa kuti si ndiwo zophikira munthu amene ulibe naye ntchito. Zimafuna tsiku lathunthu pamoto, kutaya madzi ndi kuthiranso ena, ndipo wophika akachita ulesi wakudyayo amaona phiri likuyenda. Kudya kalongonda wa munthu ndi kumupatsa moyo wako kuti akusungire. A Muhiwa anadya yense, n'kutsuka mbale, n'kuikamo nanazi, n'kukaisiya pakhonde lina lija. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Ndi chinacho.

"Madala, kodi simukuona? Mbale imeneyi ikulankhula. Akukhululukirani."

"Mbale ndi mbale, a Piyasoni. Anandimanga ndi pakamwa, anthu akumva."

Mkazi wanga naye anayesa mbali inayo. Amake Layisoni anamuyankha kuti iwo ndi munthu wamkazi, mawu anali a mlongo wawo, ndipo sangadumphe mawu a mwini mbumba amene ali m'manda. Akanakhala kuti a Muhiwa abwera kudzapempha, mwina akanaona pothera. Koma kuyamba iwo, ayi, anthu angati chiyani. Choncho uyu ankadikira kupemphedwa, uyo ankadikira kuuzidwa, pakati pawo pali khoma losafika n'kudenga komwe. Tinakalamba tonse tikuonerera.

Chaka chino chiperoni chinabwera choipa. Nkhungu inakhala pamalaini osasuntha, moti ine ndinalowa m'nyumba ya eni kawiri, n'kudya, osadziwa. A Muhiwa anayamba kutsokomola. Kunola mipeni anasiya. Kenako madzulo ena dzuwa linapendeka, ndipo kuseri kwa khoma sikunamveke fuuu kapena haaa. Mawa lake chimodzimodzi. Ndikalowa kukawapatsa phala, ndinkawapeza ali gone pamphasa, zala zikuyenda zokha pa bulangete.

Patapita masiku angapo, dzuwa litapendeka, ndinamva odi pakhomo panga. Anali amake Layisoni. Pa zaka zonse zimene takhala moyandikana anali asanaimepo pakhomo panga nthawi imeneyo, chifukwa nthawi imeneyo sankatuluka m'nyumba, zivute zitani.

"A Piyasoni, kodi anzanuwa bwanji?"

"Chifuwa, amayi. Mphamvu zatha."

"Ndiye chifukwa chake kuli zii."

Anakhala pa khonde langa osaitanidwa, n'kuyang'ana phiri limene silinkaoneka.

"Kwathu onse anatha," anatero. "Alongo anga, akulu anga, ang'ono anga. Ndawerenga usiku wonse, wamkulu wotsala pa mbumba yathu ndine. Ndiye ngati pali womasula, ndi ndani?"

"Ndinu, amayi."

"Mwadziwa liti zimenezo?"

"Kalekale."

"Ndiye osandiuza bwanji? Pakamwa ponsepo mumangogwiritsa ntchito ya bodza?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mawa mukatenge a Bwanali. Anamanga pali anthu, ndikamasula pali anthu. Ndikufuna munthu amene analipo pa mtsinje paja."

Mawa lake a Bwanali anatseka shopu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku limene shopuyo inapsa. Amake Layisoni anavala chitenje chatsopano ndi duku loyera. Kuchoka pakhomo pawo kufika pakhomo la a Muhiwa ndi mtunda woti nkhuku imadumpha kamodzi, koma anauyenda ngati akupita ku Limbe wapansi. Anaodira. A Muhiwa atamva mawuwo anadzuka okha pamphasa, munthu amene dzulo lake ndinkachita kumutembenuza, n'kundiuza kuti ndiwapatse jekete.

Mayiwo anakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atatambasula. Ife mboni tinakhala pa thumba la makala.

"A Muhiwa."

"Amake Layisoni."

"Mlongo wanga anamanga mawu pa tsiku lometa maliro a mwana wanga. Mlongo wangayo kulibe. Wotsala ndine. A Bwanali mukumva, a Piyasoni mukumva. Ine ndamasula. Mtsinje ndi umene unatenga mwana wanga. Lizani chinthu chanucho."

A Muhiwa anawomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, monga anawombera tsiku lija. Kenako anatembenukira kwa ine.

"A Piyasoni, kwerani apo. Pali chitini."

Ndinakwera pa kampando, n'kupisa dzanja pakati pa mtanda ndi lata. Chitini chinalipo. Chivundikiro chinakana, mpaka a Bwanali anachita kuchitsegula ndi sizasi. M'kati munali kansalu kaja, konyowa, kofiira ngati dothi la m'munda wa tiyi. Lata la pamenepo linkadontha, kadontho kamodzikamodzi, mwina kuyambira chaka chimene anamata denga la eni n'kuiwala lawo. A Muhiwa anafunyulula pa mwendo pawo. Timatabwa tinali titafufuma. Anakhudza kalilime kamodzi ndi chala, n'kuthothoka ngati tsamba la tiyi wouma. Anakhudza kena, chimodzimodzi. Dzimbiri linatsalira pa zala zawo.

Ine ndine munthu woti pa maliro a bambo anga enieni ndinaseketsa anthu mpaka abusa anandithamangitsa. Koma apa ndinangotola chivundikiro cha chitini n'kumachitembenuza m'manja. A Bwanali anayamba kunena kuti ku Limbe kuli mmwenye wina amene mwina, kapena ku Joni, tikatumiza uthenga, koma mawu anawathera pakati.

A Muhiwa anapukuta zala pa jekete. Anakulunganso kansalu kaja bwinobwino, n'kukaika pambali.

"Ndipatseni," anatero, akuloza pa msomali.

Ndinawapatsa. Ndinawathandiza kukhala pa kampando ndi kukoleka malamba m'mapewa, amene tsopano anali ngati a mwana. Anatsamira khoma lawo lija. Thumba la pansi pa phazi analikankhira kumbali, koyamba pa zaka zonsezo, kuti chidendene chimveke. Anatseka maso.

Fuuu, haaa. Mabatani n'kuyamba kugogoda.

Sipanapite nthawi, ndinamva mawu ena m'nyumbamo. Amake Layisoni ankaimba chapansipansi, osatsegula pakamwa, maso ali pa khoma. Ankatsata mabataniwo ndendende: akakwera iwo akwera, akaima iwo aima. Ine ndakhala ndikumva kugogoda kumeneko zaka zonsezi ngati mbewa zili m'denga. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva koyamba kuti inali nyimbo, ndiponso yokoma, ya chikwati, yoti miyendo imafuna kunyamuka yokha. A Bwanali anandinong'oneza kuti ndi imene anatsekera ukwati uja kutsidya kwa mtsinje. Kenako anavula kofia n'kubisamo nkhope.

Chapakati pa nyimbo mayiwo anadula.

"Apo. Pamenepo mumaphonya."

A Muhiwa anatsegula maso. "Pati?"

"Pobwerera paja. Mumathamanga. Tsiku lililonse mumathamanga pomwepo, kenako mumatsonya, n'kuyambiranso. Mwana wanga ankakudikirani pamenepo ndi chingwe chake."

"Mumamva?"

"Nanga ine ndimakhala kuti nthawi imeneyi? Mukuyesa khoma ili ndi la inu nokha?"

A Muhiwa anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka motero, kuseka kotuluka ndi chifuwa chomwe ndi misozi yomwe. Atapeza mpweya anati, "Ndiye tiyambirenso, amayi. Mundigwire pamenepo." Anayambiranso. Atafika pobwerera paja mayiwo anawomba m'manja kamodzi, pamalo pa chingwe cha babatoni, ndipo a Muhiwa anadikira, n'kulowa bwinobwino, mpaka kumapeto osaphonya.

Anaimbanso madzulo angapo otsatira, chitseko chili chotsegula, mayiwo atakhala pakhomo. Kenako zala zinakana kukwera pa mabatani. Anandiitana kudzera pamwamba pa khoma m'mawa wina, n'kundiuza kuti a Piyasoni, paja ndinalonjeza kuti ndidzakuuzani, ndiye ndikukuuzani, kaitaneni amayi anu a kwaya aja, ulendo uno sabwerera chabe. Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita.

Adzukulu a ku Thuchila anabwera kudzatenga katundu: mphasa, miphika iwiri, mwala wonolera, jekete inapita ndi mwini wake. Kodiyoni anaitenganso. Mmodzi anaikoka kuti aimve, ndipo itangopuma anati yafa iyi, n'kuiponya m'thumba limodzi ndi miphika. Ndinafuna kulankhula, koma si ine wa pa mbumba.

Nyumba yapakati ili chitsekere. Akuti kubwera banja lina mwezi wamawa, ndipo kapitao wanena kuti ayamba apakamo laimu. Ndinalowamo dzana kukatenga mazira, poti nkhuku yanga sinamve za malirowo. Msomali ulipo, wopindikira pansi chifukwa cha kulemera kwa zaka zonsezo. Kudenga, pamene panali chitini, kadontho kaja kakugwabe, tsopano kakufika pansi. Pa simenti pali kadzenje kosalala pamene chidendene chinkagunda kudzera m'thumba. Ndikanati n'kakuya mpaka m'bondo mukanati ndayamba, ndiye ndinena zoona: mungathiremo madzi a m'chikho chimodzi cha tiyi. Pakhoma la kumanja, m'munsi, pali banga lakuda lonyezimira, lofanana ndi msana wa munthu wamfupi wa mapewa otambalala.

Mkazi wanga, amene amalowa kwa amake Layisoni kukawasesera, akuti kuseri kwa khoma lomwelo, malo omwewo ndendende, kuli banga lina, locheperako, lotsikirako pang'ono, la munthu wokhala pamphasa. Dzuwa likapendeka mayiwo amalowabe m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndimauza ana kuti azimitse wailesi. Nyumba zonse zitatu zimakhala zii, ndipo kudzera pamwamba pa makoma awiri, kudutsa nyumba yopanda munthu, kumamveka kuwomba m'manja kamodzi.